Mluzu wa Mbwenu

Tiwonge mwana wanga,

Ndikulemba nditakhala pa chitsa chija cha kuseri kwa nkhokwe, dzuwa likupendeka, beseni lili pansi pa njinga yamoto ndipo oyilo akudontha. Iwe wapita kukatsanzika kwa azakhali ako, ndiye ndati ndisinthe oyiloyu ndekha komaliza, poti kuyambira mawa njinga yathuyi, Mbwenu, ndi yako. Ukaona zala zakuda papepalali usanyansidwe, ndi chidindo cha bambo ako.

Udabwa kuti anthu ogona nyumba imodzi ndikulemberanji kalata. Choyamba, ine ndikayamba kulankhula iwe umati “Napulika, adada” ndisanafike n’pakati pomwe, maso ali kunja. Chachiwiri ndi amayi ako. Maso aja ng’ala yawaphimba, koma makutu awo amamva ngakhale nyerere ikatsokomola kudimba. Chilichonse ndinganong’one pakhomo pano achimva, pamene nkhani ili m’kalatayi anandiletsa kukuuza. Pepala lokha ndi limene silichita phokoso, choncho ndilikulunga pamodzi ndi masipanala pansi pa chishalo, ukaliwerenge ukafika.

Masana pa chakudya unanena kuti ukangolandira malipiro oyamba ukagula ekizozi yatsopano ku Kasungu, chifukwa iyi imaimba mluzu ngati woweta ng’ombe, ndipo mlangizi wa amayi sangamafike pamsonkhano anthu akumuseka. Tonse tinaseka. Amayi ako okha sanaseke, anasamba m’manja mbale isanathe. Iwe sunaone, koma ine ndinaona. Pempho langa lalikulu ndi limodzi: mluzu umenewo usauchotse, ndi wa amayi ako. Chifukwa chake ndikuuza, koma ukuwadziwa bambo ako, sadutsa njira yachidule. Tiyambe ndi oyilo, chifukwa njinga yopanda oyilo wabwino singakubweretse kuno n’komwe.

Njinga iyi ndinaigula kwa mzungu wina wa ku mishoni amene ankabwerera kwawo, ine nditangofika kumene kuchokera kwathu ku Dowa kudzagwira ntchito ya dibi. Mzunguyo anandifotokozera zambiri m’Chingerezi chothamanga, ine n’kumangogwedeza mutu kuti andione wophunzira. Chimene ndinatolapo n’chakuti injini imafuna oyilo. Ndiye oyilo akatsika ndinkangothirira wina pamwamba, monga amachitira amayi ndi msuzi alendo akachuluka. Zoti wakaleyo amayenera kutuluka, sindinkadziwa ndipo sindinafunse. Tsiku lina m’chilimwe, ndikupita kukasambitsa ng’ombe cha ku Manyamula, injini inayamba kulira ngati muli miyala, kenaka inangoti zii pakati pa msewu. Ndinaponda kiki, kiki yosasuntha. Amuna amene ankakusa ng’ombe kupita kudibi komweko anandizungulira. Mkulu wina anawerama, nagwira injini, napukusa mutu. “Mbwenu,” anatero. Anzake nawo anavomera, “Eya, mbwenu.” Ine Chitumbuka ndinali ndisanachidziwe, sindinkadziwa kuti akungoti basi, zatha. Ndinaganiza kuti akunditchulira dzina la makaniko. Ndinavula chipewa mwaulemu n’kufunsa, “Nanga a Mbwenuwo amakhala kuti, ndikawaitane?” Mwana wanga, anthu aja anaseka mpaka wina anakhala pansi mumchenga.

Njinga inabwerera ku Boma pangolo, wa dibi akukokedwa ndi ng’ombe zomwe ankapita kukazisambitsa. Makaniko atamasula bawuti ya pansi, chimene chinatuluka sichinali oyilo ayi, linali phula lenileni. Paja amati safunsa anadya phula, ine ndinalidyadi. Njinga inakhala pagalaja mpaka mvula inagwa, ine ndikuyenda wapansi, ndipo kulikonse ndikafika anthu ankandilonjera kuti, “A Dibi, kodi a Mbwenu munawapeza?” Dzina la njinga yako linachokera pamenepo. Choncho oyilo sathirira pamwamba pokha, wakale azituluka. Wapulika?

Kasinthidwe kake wandionapo, koma kuona ndi kuchita n’zosiyana. Yamba wayenda nayo pang’ono kuti injini ifunde, chifukwa oyilo wozizira ndi waulesi, amatsalira m’makona. Uyiimike pa mwendo wapakati, pamalo osapendekeka. Ika beseni, masula bawuti ya pansi, ndipo zala uzichotse msanga chifukwa amatuluka wotentha. Ukatero usapupulume. Kaphike tiyi, kachape mpango, umusiye adonthe mpaka atope yekha, kenaka uyipendeketse njinga uku ndi uku kuti dontho lomaliza lituluke. Kumbali kuli kasefa kakang’ono, ukatulutse, ukatsuke ndi parafini, ukaumitse. Oyilo wakaleyo umufikise pakati pa zala padzuwa. Ukaona tizitsulo tonyezimira, dziwa kuti m’katimo muli chimene chikudyana, pita kwa makaniko usanayende ulendo wautali.

Pobwezera bawuti usaiwale kawashala kake, ndipo usamange ngati ukulimbana ndi mdani. Nditachira matenda othirira pamwamba ndinadwala ena, omangitsa. Ndinkaopa kuti bawuti igwa panjira, ndiye tsiku lina ndinalumikiza paipi ku sipanala n’kuponda ndi mwendo. Ndinangomva kuti fwee, bawuti ikuzungulira yokha, mazinga atadyeka. Sabata imeneyo ndinayenda nditatseka ndi chigamba cha mphira ndi waya, Mbwenu akusiya madontho msewu wonse, moti munthu wondifuna sankafunsa njira. Manga ndi dzanja, ikagwira uwonjezere pang’ono chabe ndi sipanala. Ukathira watsopano, yeza ndi kamtengo kaja ka pa chitsekerero, afike pa mzere wapamwamba osapitirira. Liza injini kanthawi, zimitsa, yezanso, ndipo usuzumire pansi ngati pakudontha. Amayi ako amati ndimagwadira njinga kuposa m’tchalitchi, koma kugwada kumeneko n’kumene kwatifikitsa pano.

Oyilo ugule wa m’chitini chomata. Wa m’mabotolo wa m’mbali mwa msewu umusiye, ngakhale wogulitsayo alumbire pa manda a agogo ake. Ndipo ukatuma munthu unene kuti oyilo wa injini, usangoti mafuta. Kuno chilichonse ndi mafuta: petulo ndi mafuta, parafini ndi mafuta, odzola ndi mafuta, okazingira mandasi ndi mafuta. Ine ndinatumapo mlamu wanga ku Boma kuti andigulire mafuta a njinga, anabwera akumwetulira ndi botolo la ophikira, ati anasankha oyera bwino. Tinadya ndiwo zokoma mwezi umenewo, koma njinga inagona.

Wakale uja usamutaye pafupi ndi chitsime kapena m’dimba. Musunge m’chigubu, anthu akudziwa okha. Wina adzafuna wopaka ku mateyala a ngolo, wina wopaka mizati ya nkhokwe kuti chiswe chisadye, ndipo udzaona kuti chigubu chimenecho chikupezera abwenzi msanga kuposa maphunziro ako a zakudya za magulu. Koma akabwera mayi kuti umupatseko akapake mwana pa chipere kapena pa bala, ukane, ngakhale akwiye. Umuuze apite kuchipatala. Iwe ndiwe mlangizi, adzakumvera.

Udzafunsa kuti usinthe liti, poti kawotchi kowerenga mitunda kanafa chaka chimene iwe unabadwa. Yang’ana mtundu wake pa kamtengo kaja. Akakhala ngati tiyi wopanda mkaka, yenda. Akada ngati kunsi kwa mphika, wakwana. M’chilimwe, ndi fumbi la msewu wa ku Jenda lija, mwezi ukatha amakhala atada kale. Ndipo ine ndaona chinthu chodabwitsa: nthawi imene oyilo amada ndi nthawi yomweyo imene amayi amayamba kufunsa za mwana wawo. Beseni labwino lili kuno, chitsa chili kuno, wogwira sipanala waulere ali kuno. Ndisakubisire, dzulo ndinafuna kubisa sipanala ya bawuti ya pansi kuti uzikakamizika kubwera. Amayi ako anangonyamula thumba la zitsulo, kuligwedeza kamodzi, n’kunena kuti, “Chimoza chasoŵa muno.” Ndinaibwezera mwakachetechete. Sipanala ili momwemo, koma oyilo akada uzikumbukira kwanu. Wapulika?

China chaching’ono: khadi la chipani usaliike thumba limodzi ndi nsanza yopukutira oyilo. Ine ndinatero, ndipo pa chipata cha msika wa Boma ndinatulutsa khadi lili ndi banga lakuda pamalo pamene sipayenera kukhala banga. Achinyamata oona makadi aja analiyang’ana, nandiyang’ana. Anandipulumutsa ndi mmodzi wa iwo amene ng’ombe za bambo ake ndinazichiza. Zambiri sindilemba. Khadi lizikhala m’chikwama chako, louma.

Tsopano ekizozi. Matope akauma pamenepo amasunga chinyezi ndipo dzimbiri limadya mobisa, ndiye ukabwera kumatope uzitsuka ikazizira, n’kupaka kansanza ka oyilo kunsi kwake. Manati awiri a pamene yalumikizana ndi injini, ndi bawuti yogwira kumbuyo, uziwayesa ndi sipanala kawirikawiri, chifukwa misewu yathu imamasula chilichonse, ngakhale mano. Utsi uziuyang’ananso. Wakuda ndiye kuti petulo wachuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Wotuwa wonunkha oyilo ndiye kuti injini yayamba kumwa oyilo wake, uziyeza tsiku ndi tsiku mpaka makaniko aione.

Ukaisiya njinga masiku angapo, tseka kukamwa kwa ekizozi ndi chitsononkho, apo ayi timavu tija tomanga nyumba zadothi tidzamanga mudzi m’katimo. Koma chitsononkhocho uzikumbukira kuchotsa. Ine ndinaiwala Lamlungu lina titatuluka m’tchalitchi. Ndinali nditabaya chitsononkho Lachisanu, Lamlungulo m’mawa ndinaikankha njinga kutsetsereka osailiza poopa kudzutsa iwe uli khanda, ndipo kutchalitchi n’kotsika kokhakokha. Potuluka ndinaponda kiki, kiki, kiki, osalira. Anthu anasonkhana kudzandipatsa nzeru. Ndinaponda mwaukali, ndipo kunamveka phuu! Chitsononkho chinauluka n’kukagwetsa chipewa cha mkulu wa mpingo amene anawerama kumbuyo kuti aone vuto. Mkuluyo anatola chipewa, nachipukuta, nati, “A Dibi, ulaliki wanga ukakhala kuti sunakukomereni, muzingonena.” Kuyambira apo ndimamangirira kansalu kofiira ku chitsononkho, kali m’thumbamo.

Tafika pa mluzu. Masiku amenewo ndinali mbeta, mutu uli wodzaza mphepo. Tsiku lina chitsulo cha m’kati mwa ekizozi, chija chimachepetsa phokoso, chinamasuka n’kugwa panjira ine osaona. Njinga inayamba kubangula ngati ndege. M’malo modandaula ndinakondwa, ndinkadziona ngati bwana wamkulu, nkhuku zikuthawa, atsikana akutuluka m’nyumba kudzaona. Ndinayenda choncho masabata, mpaka tsiku limene ndinakhota pa ngodya ina kupitirira Manyamula n’kupeza masamba atayalidwa pamsewu. Maliro. Munthu wamakhalidwe amatsika, amavula chipewa, amakankha njinga mpaka adutse. Ine ndinaona mochedwa, mchenga unandikana mabuleki, ndipo ndinalowa pakati pa nyimbo ya maliro ndi chiphokoso changa chonse. Nyimbo inaduka. Amayi anagwira ana. Ndinazimitsa injini ndili pakati pa anthu.

Ndinkayembekeza mlandu wa mbuzi. Koma malemuwo anali mkulu wina gonthi, amene anakhala zaka zambiri osamva kanthu. Mmodzi wa adzukulu, amene anali atangochoka kokumba manda, anakayang’ana m’nyumba ya siwa, nabwerera, nati mokweza, “Ayi ndithu, apitadi. Akanakhala kuti angokomoka, ichi chokha akanachimva.” Amuna anabisa nkhope m’zipewa, mapewa akugwedezeka. Ine ndinagwada, ndinapepesa m’Chitumbuka changa chothyokathyoka, ndipo ndinakhala nawo mpaka kumanda, n’kugwira nawo fosholo. Pobalalika anandiyandikira mkulu wina wamfupi wa manja a zipsera. Anati ndi a Chisi, okhoma zidebe mu msika wa Boma. “Mwana wane,” anatero, “njinga iyi yilije nkharo. Uyibweretse kwathu tiyiphunzitse ulemu.” Ankatanthauza kuti njingayo ilibe khalidwe. A Chisi amenewo ndi agogo ako.

Chitsulo chenicheni sichikanapezeka kuno, ndiye agogo ako anadula mwendo wa bedi lachitsulo lakale, nauboola mabowo ndi msomali waukulu, naulowetsa mu ekizozi. Phokoso linatha. Koma bowo limodzi la kumapeto linapotoka, msomali unaterereka, ndipo bowo limenelo ndi limene limaimba mluzu ukabweza moto potsetsereka. Agogo ako anati ndibwere tsiku lina adzakonze. Ndinabweradi, koma amene anatuluka kudzandiyalira mphasa anali mwana wawo wamkazi, wamtali, wa maso owala ngati ako. Kuyambira tsiku limenelo ekizozi yanga inkadwala sabata iliyonse, ndipo za bowo lija sindinawakumbutsenso.

Miyezi inapita mtsikanayo osandiyankhula mawu oposa moni. Tsiku lina ndinaimika njinga pansi pa mtengo, ndafika pakhomo, ndapeza madzi osamba m’manja ali kale pa mphasa, mbatata yootcha ili m’mbale. Ndinadabwa kuti adziwa bwanji kuti ndikubwera. Iye anagwada chapatali, maso pansi, nati, “Njinga yinu nayipulika.” Mwana wanga, ine ndinangomva mawu awiri: njinga, ndi kuphulika. Ndinadzuka ngati ndakhalira njoka, ndinagubuduza madzi aja, ndinathamanga ndikufuula kuti anthu abweretse mchenga. Ndinafika pansi pa mtengo, Mbwenu ali phee, mbuzi ikununkhiza tayala. Pobwerera ndinapeza mtsikana wamanyazi uja atagwira m’mimba, misozi ikutsika ndi kuseka. Agogo ako ndi amene anandimasulira kuti kuno kupulika ndi kumva, ndipo mwana wawo amati njinga yanga anaimva ili patali. Anawonjezera okha kuti, “Ndipo amaimva tsiku lililonse mukamadutsa pa mlatho, ngakhale simukubwera kuno. Amasiya kusinja.” Amayi ako anathawira kukhitchini. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu pamodzi ndi njinga.

Chipsera chija chili pa katumba ka mwendo wa amayi ako ndi cha ekizozi yomweyi, anachipeza tsiku loyamba kuwakweza. Mpaka lero amauza anzawo kuti anthu akwawo amalowola ndi ng’ombe, koma aChewa amalowola ndi moto. Ng’ombe ndinapereka, usawamvere. Koma phunziro litenge: ekizozi sisankha m’bale. Buluku ukudziwa kuti n’zosatheka, ndiye siketi yako yayitali ndi chitenje uzizikulunga bwino pansi pa ntchafu usanaponde kiki, kutali ndi ekizozi, kutali ndi tcheni. Ukakweza mayi wina, miyendo yake ikhale mbali imene kulibe ekizozi. Ndipo ukaona masamba pamsewu, zimitsa, tsika, kankha. Wapulika?

Zaka zonse zimene ndayenda m’madibi a kumwera kuno, amayi ako sanafunsepo munthu kuti bambo ali kuti. Pobwerera ndikatsetsereka chitunda chija cholowera pa mlatho ndimabweza moto, mluzu umalira, ndipo iwo amamva ali pakhonde. Ukukumbukira muli ana ankati, “Adada ŵinu ŵali pa buriji,” inu n’kumathamangira kumsewu osaona kanthu, kenaka ine n’kutulukira? Munkati amayi ndi mfiti. Sunali ufiti, unali mwendo wa bedi. Popita nakonso ndimabweza moto pa mlatho, kuti adziwe kuti ndawoloka bwino, makamaka m’dzinja mtsinje ukadzaza.

Kale zinali zoseketsa chabe. Tsopano si choncho. Iwe wakhala kusukulu zaka izi, ukabwera amakubisira, amayenda m’nyumba molimba mtima poti akudziwa pamene pali chilichonse. Koma zoona zake n’zakuti munthu akaima pa chipata samuzindikira mpaka alankhule. Njinga zamoto zachuluka pa Boma, za a zaulimi, za a zaumoyo, zonse zimalira mofanana, ndipo ikadutsa iliyonse amatukula mutu n’kuubwezanso. Imodzi yokha ndi imene amaidziwa. Usiku wa dzana anandiuza kuti chimene chikuwalimbitsa mtima pa ulendo wako n’chakuti ukupita ndi Mbwenu. Anati mwana wanga sindingamuone akubwera, koma ndizimumva akadali pa mlatho, ndiziyamba kukondwa anthu ena onse asanadziwe. Ndiye lero masana unanena za ekizozi yatsopano. Utatuluka ndinati ndikuuze, iwo anandigwira mkono. “Mungamuphaliranga yayi. Njinga njake sono.” Ati ndisakuuze, njinga ndi yako tsopano, usayende ndi manyazi chifukwa cha nkhalamba. Ine ndawamvera zaka zambiri, lero lokha ndawaphwanyira lamulo, ndipo sindikudandaula.

Sindikuti uyende ndi chinthu chobooka. Yakunjayo ikadzatha ndi dzimbiri, gula ina, sindikuletsa. Koma mwendo wa bedi uutulutse, uulowetse mu yatsopanoyo, makaniko aliyense angakuchitire ngakhale akuseka. Umagwidwa ndi kabawuti kamodzi kumapeto. Mwaye ukachuluka mluzu umasasa mawu, ndiye nthawi ndi nthawi uziutulutsa, kuutsuka ndi parafini, n’kutokosa mabowo ndi waya. Pobwezera, bowo lopotokalo liyang’ane kumwamba, ndakhomapo kachizindikiro. Likayang’ana pansi siliimba. Za kusekedwa usaope. Amayi a kumene ukupitako adzaseka sabata yoyamba, yachiwiri adzayamba kuyala mphasa usanafike, poti adzakhala akukumva. Ine anthu a m’madibi ankayamba kulowetsa ng’ombe ndisanaoneke. Ndapota nawe, Tiwonge, mluzu wokhawo usiye.

Oyilo wasiya kudontha tsopano, ndiyenera kumanga bawuti kusanade. Amayi ako andiitana kale kawiri, akuti chifukwa chiyani ndakhala chete chonchi, munthu wosadziwa kukhala chete. Ndawauza kuti ndikuwerenga malangizo a pa chitini.

Chotsala ndi ichi. Mawa ukatsanzika, usachedwe ndi misozi pa chipata, amayi ako sakonda zimenezo. Ponda kiki, pita. Koma ukafika pa chitunda cha pa mlatho, bweza moto pang’onopang’ono, uusiye ulire mpaka uwoloke. Kalatayi udzaiwerenga utafika kale, ndiye mawa m’mawa ndikuuza mongodutsa kuti pa mlatho pali mchenga, uchepetse moto. Mchenga palibe, undikhululukire. Koma pobwera mwezi ukatha udzakhala ukudziwa, ndipo udzachite dala.

Ukudziwa chimene ndazindikira ndili pa chitsa pano? Zaka zonsezi ine ndinali pamwamba pa njinga. Mluzu umenewu sindinaumvepo kuchokera pakhonde, sindikudziwa m’mene umamvekera kwa munthu wodikira. Mawa ndikhala pa mphasa pambali pa amayi ako, nditchere khutu langa lokalambali, ndiphunzire ntchito yatsopano. Mwina ine sindimva kanthu. Koma ndidzayang’ana nkhope yawo, ndipo akadzanena kuti “Nayipulika,” ulendo uno sindithamangira mchenga.

Yenda bwino, mwana wanga. Oyilo akada, bwera.

Ndine bambo ako,
A Dibi